Maringi Khumi ndi Awiri a ku Chinsapo

Kalavati ya pamsewu wotsikira kumsika wa ku Chinsapo, kamlatho ka maringi a simenti, inagwa Lachiwiri masana, mvula ya Januwale itangokata kumene. Pamwamba pake panali lole ya njerwa. Tayala lakumbuyo linamira, lole inapendekeka, ndipo njerwa zonse zinakhuthukira pa kachisakasa ka Stephano, wokonza njinga, yemwe panthawiyo n'kuti atawerama akumata chubu. Anthu anafukula ndi manja mpaka zala kutuluka magazi. Anamupeza atatsirizika kale.

Pofika Lachisanu mlandu unali utapeza mwini wake. Milandu ya m'tauni muno sichedwa kupeza mwini ngati pali mmphawi amene dzina lake lili papepala. Dzinalo linali la Idrissa Ajasi, mmisiri wa ku Biwi, yemwe chaka chapitacho anapambana tenda yogulitsa maringi a simenti ku Bodi ya Ntchito za M'madera, bungwe lomwe linkagula zipangizo ndi kupereka makontirakiti a misewu ndi ngalande za m'malokeshoni. Zidutswa za maringi ogumuka aja zinali umboni wokwanira kwa aliyense: munalibe waya ngakhale mmodzi, ndipo simenti yake ukaifinya inkanyenyeka ngati chigumu.

"Lolemba akaonekere kukhoti, mlandu wake akaudikirire kundende," anatero mkulu wa polisi popereka fayilo kwa Sabu-Insipekitala Tusekele Mwafongo. "Anthu a ku Chinsapo apsa mtima. Ingomalizani masitetimenti, musakumbe zambiri."

Tusekele anali atagwira ntchito yofufuza milandu zaka khumi ndi zinayi, ndipo anzake ankamudziwa ndi khalidwe limodzi lotopetsa: fayilo yoyera kwambiri sankaikhulupirira. Iyi inali yoyera mbee. Ankadziwanso kuti munthu wa mlandu wa imfa akangolowa pa rimandi, ana ake amatha kukula iye ali komweko. Kuti afike Lolemba anatsala ndi masiku awiri ndi theka.

Anamupeza Idrissa atakhala pakona ya chitokosi, miyendo atapinda. Anali bambo wamfupi, wa ndevu zoyamba imvi, manja ake ong'ambikang'ambika ndi simenti.

"Bambo Ajasi, maringi a ku Chinsapo aja ndi anu?"

"Si anga, mayi."

"Mapepala a Bodi akuti ndi anu."

"Mapepalawo panalibe pamene ndinkaumba," anayankha mofatsa. "Wallahi, mayi, ine ndinapereka maringi 41. Limodzi a injiniya analiswa okha ndi nyundo pamaso panga, anaona waya, anasaina. Ringi lopanda waya ndi la chitsime kapena chimbudzi, loimika chilili. Kuligoneka pansi pa msewu n'kupha anthu. Ndichite zimenezo kuti ndikamuuze chiyani Mulungu?"

Tusekele anali atamva anthu ambiri akulumbira m'chipinda chomwecho, ena magazi adakali m'malaya. Sanagwedezeke.

"Ringi lanu ndingalidziwe bwanji?"

"Langa lililonse lili ndi nambala mkati, chakumlomo. Ndimalemba ndi msomali simenti isanalimbe, kuti mayi a kunyumba adziwe loyamba kulithirira ndi lotsiriza. Ringi limafuna madzi masabata atatu, m'mawa ndi madzulo."

"Zidutswa ndaziona zonse. Nambala palibe."

"Ndiye mwadzionera nokha."

Ananyowetsa chala ndi malovu n'kulemba pansi. Zomwe zinatuluka pamenepo, Tusekele akadazipeza pabwalo akadati papalasa nkhuku.

"Sukulu ya boma ndinalekeza Sitandade 2," anatero Idrissa. "Manambala amene ndimawadziwa bwino ndi a ku madrasa. Ichi ndi seveni. Ichi ndi fili."

"Amene anakumangani munawauza zimenezi?"

"Anati ndikafotokozere woweruza."

Kenako Idrissa anafunsa ngati malemuwo asiya ana. Tusekele anati atatu. Idrissa anatseka maso, milomo yokha ikuyenda. Tusekele anamumvera chisoni, ndipo anadzikwiyira chifukwa cha chisonicho, poti chisoni sichilowa mufayilo. Kusowa kwa nambala pa zidutswa sikukadamutulutsa munthuyu. Aliyense akadangoti wachinyengo salemba chizindikiro chake pa katundu wachinyengo. Atatembenuka kuti azipita, Idrissa anamuitana.

"Mayi, ngati anga khumi ndi awiri sali ku Chinsapo, ndiye kuti ali kwinakwake. Ringi limodzi amalinyamula amuna anayi. Munthu sangalibise kunsi kwa bedi."

* * *

Mlembi wa komiti yogula katundu ku Bodi anali Mayi Beatrice Kaphuka, a magalasi, olankhula ngati akuwerenga maminitsi. Mafayilo anali atawayala kale patebulo, ndipo ankawagwira mwaulemu.

"Pano, madamu, chilichonse chili ndi pepala lake. Tinalengeza m'nyuzipepala mu Julaye. Maenvulopu analowa m'bokosi la maloko awiri. Kiyi wina amasunga a tcheya, wina ine. Tinatsegula anthu onse akuona. Anabwera asanu. A Ajasi anali achiwiri kutchipa, koma oyambawo analibe chikalata cha msonkho, ndiye komiti inapereka kwa iwowa. Maminitsi ndi awa. Oda ndi iyi. Katundu anafika pa 12 Sepitembala."

"Anamuyesa ndani?"

"A injiniya. Lamulo lathu ndi loti wogulitsa amaonjezera ringi limodzi. A injiniya amaloza lililonse lomwe afuna, amaliswa, amaona waya. Zikakhala bwino amasaina anthu atatu: iwowo, wogulitsa, ndi wosunga katundu ku yadi."

"Ndiye loswedwalo linali labwino."

"Mwina anangochita mwayi kuti nyundo inagwera pa labwino. Ndi mmene a komiti akuonera."

"Ku Chinsapo anakawaika ndani?"

"Antchito athu a Bodi, mu Novembala. Anatenga khumi ndi awiri ku yadi. Chikalata chotulutsira ndi ichi."

"Kuchokera Sepitembala mpaka Novembala, alipo anawayesanso?"

Mayi Kaphuka anavula magalasi n'kumuyang'ana ndwii. Funso limeneli linalibe fomu yake.

"Kuyesanso chiyani, madamu? Katundu akalandiridwa, walandiridwa. Mwezi ukatha amangowerenga. Nambala ikakwana, basi."

Apa ndi pamene Tusekele anaona mpata. Bodi inali italimbitsa khomo lakumaso ndi maloko awiri, masiginecha atatu ndi nyundo, ndipo mayiyu sankanama, zonsezo ankazichitadi mokhulupirika. Koma ringi likangolowa mu yadi linkasanduka nambala, ndipo nambala palibe amaifunsa ngati ili ndi waya.

"Wosunga katundu ku yadi ndani?"

"A Kings Zgambo. Koma kumeneko musatayeko nthawi. Amenewo ndi mkulu wa mpingo, zaka 19 pano, ngakhale msomali sunasowepo."

Tusekele anamwetulira koyamba tsiku limenelo. A Zgambo ankawadziwa bwino. Anali mkulu wa mpingo wake womwe ku Area 25, kumene anthu ochokera kumpoto ngati iye ankasonkhana Lamulungu n'kupemphera m'chilankhulo chakwawo. Mtima unakhala m'malo. Anatuluka mu ofesimo akuganiza kuti wapeza munthu mmodzi woti amuuza zoona.

* * *

Ku yadi a Zgambo sanawapeze. Anali atapempha theka la tsiku. Anapeza mlonda, a Gwanda, mkulu wa ku Dowa wovala chijasi dzuwa likuswa mtengo. Maringi 28 otsala anali ndandanda chakumpanda, udzu utawamerera m'mbali.

Tusekele anagwada n'kulowetsa mutu m'ringi loyamba. Chakumlomo kunali timizere ta msomali. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi, mpaka lomaliza. Popeza manambala a ku madrasawo sankatha kuwawerenga, anangowajambula m'kabuku kake imodzi imodzi, mawondo akumira m'matope. Pa za manambala Idrissa sananame.

A Gwanda ankamuonerera, manja kumbuyo.

"Ine pano n'dayamba kale, mwana wanga, mpanda uwu udakali wa waya. Chinthu sichituluka ine osachiona. Maso awa n'ngokalamba, koma kuwerenga sadaiwale."

"Pakati pa Sepitembala ndi Novembala, maringi anatulukapo?"

"Onani m'bukumu. Novembala, khumi ndi awiri, Chinsapo. Kwatha."

"Kupatula amenewo?"

"Kutuluka kwenikweni, iyayi."

"Kulinso kutuluka kwabodza, a Gwanda?"

Mkuluyo anakanda m'mutu, chipewa chikugwedera. "Lidalipo Loweruka lina, mvula isadagwe. Kudabwera lole ndi maringi khumi ndi awiri. Adatsitsa. Adakweza ena khumi ndi awiri. Adapita. N'dawerenga polowa, n'dawerenga potuluka. Chidasowa n'chiyani pamenepo? Nanga ndikadalemba kuti chiyani? Buku ili n'la katundu wochoka, mwana wanga, si la katundu wosinthana malo."

"Analoleza ndani?"

"Bwana Zgambo adalipo eni ake. Adati ena adabwera olakwika saizi, akungosintha. Bwana akanena, ine ndine yani?"

Tusekele anadziuza kuti mwina analidi olakwika saizi, mwina pali pepala lina lomwe Mayi Kaphuka aiwala. Munthu ukamukonda, mutu suchedwa kumupezera zifukwa.

"Lole yake inali ya Bodi?"

"Iyayi. Inayake yobiriwira, ya chitseko chimodzi choyera. Anthu ake aulemu zedi, osati achamba athu ano. Ponyamula ankaimba nyimbo za kutchalitchi, za Chitumbuka. Kukoma kwake, n'dachita kuvula chipewa."

Tusekele anatseka kabuku pang'onopang'ono. Lole yobiriwira ya chitseko choyera ankaidziwa: inali ya bambo wina wa mumpingo mwawo, ndipo ndi yomwe inkatuta mchenga womangira tchalitchi chatsopano. Loweruka limenelo ankalikumbukiranso. Iye ndi amayi anzake anali pageti akutungira madzi omanga, ndipo lole itatulukira ndi maringi, amene anayambitsa nthungululu anali iyeyo.

* * *

Loweruka m'mawa anadzuka mutu ukulemera, koma anapita ku Biwi. Ankafunikira munthu wowerenga manambala aja, ndipo sanafune kutulutsa mkaidi asanatsimikize. Mkazi wa Idrissa, Salama, anamupeza pabwalo pakati pa zikombole zachitsulo, atamanga mpango mpaka pachibwano. Anali mayi wamtali, wa lilime lothamanga.

"Mwabwera kudzatenganso ine? Tengani! Mutengenso ndi zikombolezi zikagone komweko. Zaka makumi atatu bambo aja akuumba, palibe ngakhale khonde linagwapo. Lero mukuti apha munthu? Anthu a pamsika asiya kundipatsa moni, ana akuopa kupita kumadrasa, inu mukuyenda ndi tizikwama!"

Tusekele anangotsegula kabuku n'kumupatsa. Salama anayang'ana. Chala chinayamba kuyenda pa tsamba.

"Wani, thuu, fili... Faivi palibe. Naini palibe." Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kalendala yakale ya kumzikiti, yodzaza ndi timizere ta pensulo. "Ndinkachonga apa ndikathirira. Seventini ndi lomwe anaswa a injiniya. Ndinamva kuwawa tsiku limenelo, madzi ake ndinkatunga ndine pa kiosiki, ndowa ndi ndowa."

"Mundilembere onse osowa pa tsamba ili."

Salama analemba. Kupatula seventini, anakwana khumi ndi awiri.

"Tiyeni," anatero Tusekele.

"Kuti?"

"Kutchalitchi kwathu."

"Ine? Kukatani?"

"Simulowa mkati, mayi. Zomwe tikufuna zili pansi pa geti."

Anakwera minibasi ziwiri, ya ku depoti ndi ya ku Area 25. Tchalitchi chatsopano chinali chitafika pamutu wa mazenera, denga likudikira chopereka. Kutsogolo kwa geti kunali ngalande yaikulu, yomwe chaka chapitacho inkatsekereza malole a njerwa, ndipo pamwamba pake tsopano panali kamlatho kolimba komwe mpingo wonse unkanyadira. Mkati mwa mpanda amayi angapo ankasesa pokonzekera mapemphero a mawa.

Tusekele anavula nsapato, anamanga chitenje m'chiuno, anatsikira m'ngalande ndi tochi. Maringi anali mizere iwiri, uliwonse asanu ndi limodzi. Anakwawa m'madzi onunkha, achule akudumpha patsogolo pake, akupempha mumtima kuti asapeze kanthu. M'zaka zake zonse za ntchito anali asanapemphepo zotero. Kuwala kwa tochi kunagwera chakumlomo kwa ringi loyamba, ndipo timizere ta msomali tinali pomwepo.

Anajambula onse. Atatuluka anapereka kabuku kwa Salama, yemwe anali atanjuta m'mphepete mwa ngalande. Mayiyo anayerekeza masamba awiri aja, nambala ndi nambala, kenako anakhala pansi m'matope momwemo osasamala za nsalu yake.

"Anga awa. Onse. Taonani, malole onse aja, koma alibe ngakhale mng'alu."

Tusekele anagwidwa ndi manyazi oti sanawamvepo chibadwire. Lamulungu lililonse ankadutsa pamenepa ndi Baibulo m'manja, akupondapo molimba mtima, pamene anthu a ku Chinsapo ankaponda pa maringi a chimbudzi. Atakweza maso anaona nsapato zakuda zopukutidwa bwino pamwamba pa kamlathoko.

"Monire, mama Mwafongo," anatero mawu ofewa. "Mwataya chiyani m'ngalandemo?"

* * *

Anakhala pa benchi mkati mwa tchalitchi chopanda dengacho, Salama atatsala pageti. A Zgambo anali bambo wamtali, wa malaya oyera osapindika ngakhale pamodzi. Tusekele anayala kabuku pakati pawo n'kufotokoza zonse: nyundo ya a injiniya, manambala a ku madrasa, lole yobiriwira. Ankayembekeza kuti akana. Mwina ankafuna kuti akane, kuti apeze chowakwiyira.

Sanakane.

"Mpingo unasonkha, mama. Ine monga wapampando wa komiti yomanga ndinakagula maringi pamsewu, otchipa, kuti zotsala zipite ku njerwa. Mmisiri wathu atawaona anati lole yoyamba kudutsa idzawaphwanya. Ndikadaima bwanji pamaso pa anthu n'kunena kuti thukuta lanu ndagulira zinyalala? Ndinati ndibwereke a Bodi, athuwo ndiike kumapeto kwa mzere, Disembala ndigule abwino ndibweze. Palibe akadadziwa, palibe akadavulala. Sindinabe, mama. Chiuta akudziwa, m'thumba mwanga simunalowe kanthu."

"Nanga Novembala?"

"Ndinali ku Rumphi, kumaliro. Antchito anayambira kumapeto kwa mzere, poti n'kumene lole imafika bwino. Pobwera ndinapeza apita."

"Ndiye munadziwa kuti ali pansi pa msewu. Miyezi iwiri yathunthu."

"Ndinkapemphera. Ndinkati msewu uja sudutsa magalimoto akuluakulu."

"Atamangidwa a Ajasi, munapempheranso?"

A Zgambo anayang'ana pansi. Kunja tsache linkapala nthaka, mayi wina akung'ung'udza nyimbo. Atalankhulanso, mawu awo anali otsika, a bambo wolangiza mwana.

"Mwana wane, ganizani bwino. Nkhani iyi ikatuluka, sadzanena kuti Zgambo. Adzati anthu a kumpoto, adzati tchalitchi cha akuba. Denga ili silidzakwera. Munthu uja umboni womugwira ndi wochepa. Akhala kanthawi, atuluka. Banja lake ndizilithandiza mwakachetechete, la malemu lija chimodzimodzi. Inu mungong'amba masamba awiri."

A Zgambo anapitiriza.

"Pamene Joel anatisiya, ndani anayenda khomo ndi khomo kuti thupi lake likafike ku Karonga? Sindikukuwerengerani ayi. Ndikungoti ife kuno ndife alendo, tili ndi wina ndi mnzake basi. Mukatitaya lero, tsiku lanu likadzafika, adzakunyamulani ndani?"

Zinali zoona, ndipo chinkapweteka n'chimenecho. Mwamuna wake Joel atamwalira zaka zinayi zapitazo, Tusekele analibe pogwira. A Zgambo ndi amene anasonkhanitsa anthu, anapeza galimoto, ndipo anakhala kumbuyo pafupi ndi bokosi ulendo wonse, fumbi ndi mphepo, kuti mwana wa eni ake akagone kwawo. Kuyambira pamenepo ankawatenga ngati bambo ake omubala. Ankadziwanso mmene amayi akusesa panjawo adzamuyang'anire mawa, ndi mawa linalo, ndi zaka zonse zotsatira. Kwa munthu wa kwawo, kuikidwa m'tauni n'chimodzimodzi kutayidwa. Misozi inatsika, ndipo sanaibise.

Koma pageti panali mayi atakhala m'matope, ndipo m'chitokosi munali bambo wowerenga masiku kuti afike Lolemba.

"Adzandiika ku Area 18, dada," anatero. "Manda aliko. Koma munthu uja sapita kundende chifukwa cha mlatho wathu."

Anaimirira n'kupukuta nkhope ndi m'mphepete mwa chitenje.

"Unyolo sindikumangani pamaso pa amayiwa. Muyende pafupi nane, ngati tikukambirana za mawa."

* * *

Mkulu wa polisi anawerenga sitetimenti ya a Zgambo kawiri, anatembenuza kabuku kamatope uku ndi uku, anausa moyo ngati munthu amene amuonjezera ntchito Loweruka, kenako anasaina kuti Idrissa atuluke.

Dzuwa linali litapendeka pamene anakumana pakauntala. A Zgambo ankavula lamba, wotchi ndi zingwe za nsapato, wapolisi akulemba chimodzi chimodzi. Mbali ina ya kauntala yomweyo Idrissa ankalandira kofia yake ndi nkhwaira. Atacheuka n'kuona amene waima pafupi naye, nkhope yake inawala.

"Bwana Zgambo! Mwabwera kudzandichitira umboni? Ndinkadziwa, inu munalipo tsiku la nyundo. Allah akudalitseni, bwana."

Anatambasula manja onse awiri kuti awagwire chanza. A Zgambo sanakweze dzanja. Salama anamukoka mwamuna wake pamkono n'kumulankhula msangamsanga m'Chiyao, akuloza ndi chibwano. Tusekele sankamva mawuwo, koma anaona nkhope ya Idrissa ikusintha, chimwemwe chikuchoka pang'onopang'ono. Ankayembekeza mkwiyo, mwina matemberero, ndipo anali wokonzeka kuima pakati. Idrissa anangoyang'ana lamba ali pakauntala, kenako mwini lambayo, ngati sakumvetsa.

"Anali a pageti la tchalitchi?"

"Inde," anayankha a Zgambo, mawu osamveka bwino.

"Khumi ndi awiri okha?"

A Zgambo anagwedeza mutu movomera.

"Bwana, pakhomo panga pa Biwi mumapadziwa. Munabwera nokha kudzaona zikombole tenda isanatuluke, munamwa tiyi. Waya ndinali naye wotsala pa ntchito yomweyo. Simenti tikadapangana, mukadabweza mmene mukadathera. Nyumba yopemphereramo ine sindilipiritsa manja anga, kaya ndi yathu kaya ndi yanu." Anapukusa mutu, misozi ili m'maso. "Munthu uja bwenzi lero akumata machubu ake. Bwanji simunandipemphe?"

Wapolisi wa pakauntala anagwira a Zgambo pachigongono mwaulemu. Anayenda okha, dzanja limodzi litagwira thalauza kuti isagwe, kulowera kukhomo lomwe Idrissa anali atangotulukira.